Kodi Makina Atsopano a Masewero Ayenera Mtengo Wake?

 Monga mudziwa nonse, ndalama zimene tinasonkha pa tsiku la zionetsero, pamodzi ndi zija tinapeza pogulitsa ndiwo za m'dimba la sukulu, zili m'manja mwa komiti ya zosangalatsa, ndipo a Hedimasitala anatilola ife eni ake kusankha chimene tifuna kugula. Pa msonkhano wa Loweruka lija ambiri anafuula kuti tigule makina a masewero otchedwa Nintendo Switch 2, kuti aikidwe m'holo pambali pa wailesi ya kanema. Ine ndinaimirira kuti ndifunse za mtengo wake, koma phokoso linandikhazika pansi ndisanamalize mawu anga. Tsono popeza pepala silisokosera, ndalemba pano zimene ndinalephera kunena pakamwa.

Poyamba ndiulule kuti ine sindine mdani wa masewero ayi. Amene tichokera dera limodzi adziwa kuti pa tchuthi ndalama zanga za mandasi zambiri zimathera m'kanyumba kaja ka pamsika, kumene tilipira kuti tisewere mpira pa PlayStation kufikira mwini wake atatithamangitsa kuti atseke. Chotero musaganize kuti walemba izi ndi munthu wansanje, kapena wofuna kudzikometsa pamaso pa aphunzitsi. Funso langa ndi ili: kodi chinthuchi chiyenera ndalama zimene eni ake atchula, ndipo kodi chiyenera ndalama zathu ifeyo?

Tiyambe ndi kuona chinthu chenichenicho, pakuti si bwino kuweruza mlandu wa munthu amene sunamuone nkhope. Kampani ya Nintendo, ya ku Kyoto m'dziko la Japan, inayamba kugulitsa Switch 2 pa 5 June 2025. Ku America mtengo wake woyamba unali madola 450, ndipo amene anafuna kuti m'bokosimo mukhalenso sewero la mpikisano wa magalimoto, lotchedwa Mario Kart World, analipira madola 500. Mkulu wake, Switch woyamba uja, anatuluka mu March 2017 pa madola 300. Kunena zoona, wamng'onoyu aposa mkulu wake m'zinthu zambiri. Galasi lake ndi la mainchesi 7.9 pamene lakale linali la mainchesi 6.2. Malo osungiramo masewero ndi magigabayiti 256 pamene akale anali 32 okha. Zithunzi zake zikhoza kusintha ka 120 pa sekondi imodzi, kotero kuti galimoto ikamathamanga maso saona kudukiza. Zogwirira zake, zimene anyamata azitcha mapadi, zimamatika ndi maginito, ndipo masewero ambiri a makina akale aja aseweredwanso pa atsopanowa. Anthu anawalandira ndi manja awiri, pakuti m'masiku 4 oyamba anagulidwa oposa 3.5 miliyoni pa dziko lonse.

Ndiyeneranso kuvomera mfundo ina imene anzanga sanaitchule n'komwe, ngakhale ili kumbali yawo. Ndalama ya ku America nayonso imachepa mphamvu, ndipo zimene madola 300 akanagula mu 2017 zinafuna pafupifupi madola 400 mu 2025. Tikawerenga motero, kukwera kwenikweni kwa mtengo ndi madola 50 kapena kuposerapo pang'ono, osati 150 ayi. Chifukwa chake mwana wa ku New York kapena ku London, amene atate ake alandira malipiro m'madola kapena m'mapaundi, ndipo adzasewera yekha madzulo alionse kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ameneyo sindimutsutsa akanena kuti makinawa ayenera mtengo wake.

Komatu ife sitili ku New York. Taonani chimene a Nintendo anachita kwawo ku Japan. Poona kuti ndalama yawo ya yeni yafooka, anapanga Switch 2 wolankhula Chijapani chokha nam'gulitsa pa mayeni 49,980, pamene wodziwa zilankhulo zambiri anam'gulitsa pa mayeni 69,980. Izi zitiphunzitsa kuti iwo eni adziwa bwino lomwe kuti mtengo uyenera kulingana ndi thumba la wogula. Anaganizira thumba la anthu akwawo, koma thumba la kwacha palibe analiganizira. Mu November 2023 kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu 2025 dola imodzi inali pafupi K1,750 ku banki. Tengani pensulo muchulukitse nokha: madola 450 atipatsa K787,500. Imeneyitu ndi ndalama ya makina okhaokha ali m'sitolo kutsidya kwa nyanja, tisanaikepo ya ulendo, ya msonkho wa pachipata, ndi phindu la wamalonda amene adzawabweretsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai. Ndipo tidziwa tonse kuti wamalondayo sapeza madola ake pa mtengo wa ku banki nthawi zonse. Mu June 2025 boma linaika malipiro ochepetsetsa a wantchito pa K126,000 pa mwezi. Ndiye kuti munthu wotere akanagwira ntchito miyezi 6 yathunthu, osadya, osalipira nyumba, ndipo ndalamayo ikanaperewerabe. Ambiri a ife tilipiridwa fizi ndi makolo otere, kapena ndi makolo oyembekeza fodya ndi soya kamodzi pa chaka.

Chachiwiri chimene ndifuna muone ndi ichi, kuti mtengo wolembedwa pa bokosi si mtengo wonse. Kugula makina a masewero kufanana ndi kugula ngolo: ukafika nayo pakhomo ndi pamene ukumbukira kuti ifuna ng'ombe, goli ndi zingwe. Mario Kart World pogula payekha anali madola 80, mtengo umene unadandaulitsa anthu ngakhale ku America komweko. Donkey Kong Bananza, amene anatuluka mu July 2025, anali madola 70. Ngakhale kasewero kongoonetsa munthu m'mene makinawo agwirira ntchito, kotchedwa Welcome Tour, anakagulitsa madola 10. Kale sizinali chomwechi nthawi zonse. Mu 1989 wogula Game Boy ku America anapezamo Tetris m'bokosi, ndipo mu 2006 wogula Wii anapezamo Wii Sports osaonjeza kanthu.

Sizithera pa masewero pokha. M'bokosi muli zogwirira ziwiri zazing'ono, zokwanira anthu awiri. Kuti asewere anthu anayi tiyenera kugula zina ziwiri, ndipo zimenezi zinali madola 95 pa nthawi yotuluka makinawa. Malo osungiramo akadzaza, makadi wamba aja a m'mafoni sagwira ntchito yosungira masewero ake; afunika a mtundu watsopano wotchedwa microSD Express. Palinso chinthu china chimene chiyenera kutiopsa ife a kuno. Makampani ambiri agulitsa masewero awo pa kakhadi kamene mkati mwake mulibe sewero ayi, koma kiyi chabe. Ukakalowetsa, makina akuuza kuti utsitse sewero lonse pa intaneti, ndipo masewero ena akuluakulu afuna magigabayiti makumi angapo. Ndifunse anzanga a m'komiti: bandulo imeneyo adzagula ndani, ndipo idzatsitsidwa masiku angati? Tikaphatikiza makina okhala ndi Mario Kart, zogwirira zina ziwiri ndi sewero lina limodzi lokha, tipeza madola 665 pa mitengo ija ya mu 2025, ndiwo K1,163,750 pa mtengo uja wa ku banki. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, mbiri itiphunzitsa kuti othamangira kugula tsiku loyamba kawirikawiri ndiwo amalira. Mu March 2011 a Nintendo omwewa anatulutsa 3DS ku America pa madola 250. Malonda atavuta, mu August chaka chomwecho anatsitsa mtengo kufika madola 170, isanakwane ndi miyezi 5 yomwe. Mkulu wa kampaniyo, a Satoru Iwata, anapepesa kwa ogula oyambawo, nawapatsa masewero 20 aulere, ndipo iwo eni anadula malipiro awo pakati. A Sony anatulutsa PlayStation 3 mu November 2006 pa madola 500 ndi 600, koma mu 2009 anatulutsa wina wochepa thupi pa madola 300. Xbox 360 wa a Microsoft anatuluka mu 2005, ndipo ambiri oyambirira anafa ndi kutentha, akuonetsa nyali zofiira kutsogolo, kotero kuti mu 2007 kampaniyo inapatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera, nitalikitsa lonjezo lake la kukonza mwaulere vutolo kufika zaka 3. Wii U anatuluka mu 2012, anagulidwa pafupi 13.5 miliyoni basi, ndipo mu 2017 analeka kum'panga. Onse amene anagula makina amenewa tsiku loyamba anali otsimikiza mtima monga anzanga ali lero.

Pano mnzanga wina wa Fomu 4, amene ndim'lemekeza chifukwa amawerenga nkhani zimenezi kuposa ine, anandiyankha ku chipinda chodyera kuti mbiri yangayi yatha ntchito. Ndipo ndiyenera kuvomera kuti mbali ina ananena zoona. M'zaka zaposachedwapa mwambo uja wa kutsika kwa mitengo wasanduka. PlayStation 5 anatuluka mu November 2020 pa madola 500, koma m'malo motsika, mu August 2022 anakwera ku Ulaya, ku Japan ndi kwina, ndipo mu August 2025 anakweranso ndi madola 50 ku America. A Microsoft anakweza mitengo ya Xbox mu May 2025. Ngakhale Switch wakale uja, atatha zaka 8 pa msika, anakwera mtengo ku America mu August 2025. Zifukwa zake ndi kudula kwa tizipangizo ta m'kati, kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse, ndi misonkho yatsopano imene boma la America linaika pa katundu wochokera kunja mu 2025. Tsono mnzangayo akuti tigule lero pakuti mawa zidzakwera, ndipo anandiponyera mwambi wakuti zengerezu analinda kwawukwawu.

Yankho langa ndi lakuti chinthu sichisanduka choyenera ife chifukwa chakuti mawa chidzadula koposa. Galimoto ya Mercedes-Benz nayonso idzakwera chaka chamawa, koma palibe ananena kuti tigulitse madesiki kuti tiigule msanga. Ndiponso phindu la kudikira silili pa kutsika kwa mtengo pokha. Wodikira amapeza masewero atachuluka, zilema za makina zitadziwika ndi kukonzedwa, amisiri ataphunzira kuwatsegula, ndipo ena amene anatopa nawo atayamba kuwagulitsa motchipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano ndifike pa chimene chindivuta koposa zonse, ndicho chilungamo pakati pa ife eni. Pa sukulu pano tilipo oposa 400, ndipo aliyense anaponyapo kanthu, kaya ndalama, kaya thukuta la kuthirira m'dimba. Nthawi ya zosangalatsa ndi maola 3 Loweruka madzulo, ndiwo mphindi 180. Tiyerekeze kuti anthu anayi asewera pamodzi mphindi 10, kenaka apatsa anzawo popanda kukangana. Ndiye kuti magulu 18 adzasewera, anthu 72 pa sabata. Kuti aliyense agwireko kamodzi padzapita masabata 6, kotero kuti pa teremu yonse munthu adzasewera kawiri, mphindi 20 zokha. Ndipo uku ndi kuwerenga kwa m'kalasi ya masamu, kumene anthu sakankhana. Tonse tidziwa m'mene zimakhalira pa wailesi ya kanema tsiku la mpira: akuluakulu a Fomu 4 atenga mabenchi akutsogolo, a Fomu 1 aimirira pa zenera, ndipo atsikana ambiri abwerera ku hositelo osaona kanthu. Kodi pa makinawa ndi pamene mitima idzasinthe? Pa msonkhano uja ndinayang'ana amene anali kufuula, ndipo pafupifupi onse anali anyamata a makalasi apamwamba. Alongo athu, amene anaphika ndi kugulitsa zitumbuwa tsiku lonse la zionetsero, sanafunsidwe n'komwe.

Onaninso kuti zambiri zimene zikweza mtengo wa Switch 2 ife sitidzazigwiritsa ntchito. Ulemerero wake waukulu ndi wakuti munthu akhoza kum'nyamula m'manja nasewera m'basi kapena pabedi. Koma wathu adzakhala wotsekeredwa m'kabati ya aphunzitsi masiku 6 pa sabata, ndipo kuchepa kwake komweko ndiko kudzachititsa kuti tsiku lina alowe m'juzi ya munthu osaonekanso. Akhoza kuonetsa zithunzi zosalala kwambiri za 4K, koma wailesi yathu ya m'holo siidziwa zimenezo. Ali ndi batani lolankhulirana ndi anzako akutali pa intaneti, pamene ife anzathu tili nawo pa benchi yomweyo. Inde ali ndi batire yokhala maola 2 kufikira 6 ndi theka, ndipo ichi ndi chabwino pamene magetsi athima. Koma magetsi akathima wailesi ya kanema ithimanso, ndipo anthu 400 sangaunjikane pa kagalasi kochepa ngati kope. Nanga akawonongeka? Switch woyamba anatchuka ndi vuto la timitengo ta zogwirira, timene timayamba kuyendetsa munthu wa m'sewero wosewerayo asanatikhudze. Ngati zogwirira za munthu mmodzi zinatopa chomwecho, nanga zodutsa m'manja 72 Loweruka lililonse, m'fumbi la October? Lonjezo la kukonza mwaulere lidzakhala m'sitolo ya ku Johannesburg, ndipo ife tidzakhala kuno ndi bokosi lokongola.

Ndisangotsutsa popanda kupereka njira ina, pakuti wogwetsa nkhokwe ayenera kuonetsa poika chimanga. Tidzifunse moona mtima kuti sewero limene tilikonda ndi liti. Si mpira kodi? Sewero lija tinazolowera kulitcha FIFA linasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, ndipo la FC 26, limene linatuluka mu September 2025, linatulukanso pa PlayStation 4. Makina amenewa ndi a mu 2013, anagulidwa oposa 100 miliyoni, ndipo ogwiritsidwapo kale ntchito apezeka m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Amisiri athu awadziwa, mapadi ake apezeka, ndipo masewero ake a pa chimbale tikhoza kubwerekana ndi abale athu kunyumba. Ndidziwa kuti ndi okalamba, ndipo masewero atsopano adzaleka kufika pa iwo. Koma mtengo wake ndi gawo chabe la ndalama zija. Pokagula tipite ndi aphunzitsi a kompyuta kuti awayese bwino tisanapereke ndalama, pakuti safunsa anadya phula. Zotsalazo tigulire mipira ya miyendo ndi ya manja, pakuti umene tili nawo wasokedwa kambiri. Tigule mabawo, chesi ndi drafuti, zimene anthu ambiri asewera nthawi imodzi popanda magetsi. Ndipo ngati kanthu katsalabe, tigule nyali za sola zoti tiziwerengera usiku umene magetsi athima, pakuti mayeso a MSCE sadikira munthu.

Mwina mudzati njira yangayi ilibe ulemu, ndipo sukulu zina zidzatiseka kuti tagula zakale. Ndiganiza kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene chatikoka si sewero lenilenilo ayi, pakuti ambiri a ife sitinagwirepo Mario Kart chibadwire. Chatikoka ndi mawu akuti chatsopano, ndi chilakolako chakuti tikanene pa tchuthi kuti kwathu kuli chimene kwanu kulibe. Otsatsa malonda adziwa bwino kufooka kumeneku, ndipo alipidwa kuti akukolezere. Koma chatsopano cha lero ndicho chakale cha mawa, ndipo pakapita zaka zochepa kudzabwera china chimene a Fomu 1 a lero adzachifuulira m'holo yomweyi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chotero kwa ofunsa ngati Switch 2 ayenera mtengo wake woyamba, ndiyankha kuti ndi makina abwino opangidwa mwaluso, ndipo kwa munthu wa thumba lolemera, wa intaneti yosadukiza, wosewera yekha kunyumba kwake, akhoza kuyenera. Kwa ife, ndi ndalama zosonkha anthu 400, sayenera ayi. Ndipempha komiti ya zosangalatsa kuti isatumize ndalama kwa wamalonda aliyense tisanakumanenso. Ilembe mitengo yonse pa bolodi, ya makina, ya zogwirira, ya masewero ndi ya msonkho, pambali pa mitengo ya zinthu zina zija, kuti aliyense aone ndi maso ake. Kenaka tivote pa timapepala, kalasi ndi kalasi, anyamata ndi atsikana, kuti mawu a wamng'ono wa Fomu 1 alemere chimodzimodzi ndi a pulifekiti. Ngati pambuyo pake ambiri adzasankhabe Switch 2, ine ndidzagonja, ndipo mudzandiona pa mzere ndikudikira mphindi zanga 10 monga wina aliyense. Koma tisankhe titawerenga, osati titafuula.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 3